ZIP yakana kutseguka: chimachitika n'chiyani fayilo ikamatsika pa netiweki yofooka

Dandaulo lake limakhala lofanana, kaya mulimve kwa mphunzitsi wa CDSS ku Ngabu amene watumiziridwa mapepala a mayeso akale a MANEB, kaya kwa mlangizi wa zaulimi ku East Bank amene akudikira mapu ndi mafomu, kaya kwa mnyamata woika nyimbo m'mamemori pa Nchalo. Fayilo yatsika usiku wonse, foni yasonyeza kuti yamaliza, bandulo yatha, koma poti aitsegule pangotuluka mawu achingerezi: "Unexpected end of archive", "CRC failed", kapena "Cannot open file as archive".

Ambiri amagamula pomwepo kuti netiweki yofooka yawononga fayilo. Amaifufuta, n'kugula bandulo ina, n'kuyambiranso, ndipo kawirikawiri zimathera pomwe pomwe paja. Chonsecho kuchedwa kwa netiweki pakokha sikuwononga fayilo. Chimene chimachitika nthawi zambiri n'chakuti fayiloyo inadukira panjira, kapena chomwe chatsika si fayilo yomwe mumafuna, kapena yafika bwinobwino koma mwaisunga pa memori yabodza. Mavuto atatuwa ali ndi mankhwala osiyana.

## ZIP, RAR ndi 7z n'chiyani

Awa ndi mafayilo omwe mkati mwake mwalongedzedwa mafayilo ena, atapanikizidwa kuti achepe. Munthu m'malo motumiza zikalata 60 chimodzichimodzi, amazimanga pamodzi n'kutumiza fayilo imodzi. Wolandira amaimasula ndi pulogalamu monga WinRAR, 7-Zip, kapena ZArchiver pa foni ya Android.

ZIP ndiye wamkulu pa atatuwa. Anaiyambitsa Phil Katz wa kampani ya PKWARE mu 1989. RAR inabwera mu 1993 kuchokera kwa Eugene Roshal, ndipo 7z ndi ya pulogalamu ya 7-Zip yomwe Igor Pavlov anatulutsa mu 1999. Ngakhale amene akuti sanagwiritsepo ZIP ntchito amaigwira tsiku lililonse mosadziwa, chifukwa zikalata za Word zothera ndi .docx, za Excel zothera ndi .xlsx, komanso mapulogalamu a Android othera ndi .apk, mkati mwake ndi ZIP yomweyo. N'chifukwa chake APK yodukira panjira imakana kulowa m'foni.

Pali zinthu ziwiri za kapangidwe ka mafayilowa zimene zimafotokoza mauthenga oopsa aja.

Choyamba, ZIP imasunga mndandanda wa zonse zili mkati mwake kumapeto kwenikweni kwa fayilo, osati koyambirira. Pulogalamu yomasula imayamba yathamangira kumapetoko kukawerenga kuti muli mafayilo angati, mayina awo, ndi pomwe iliyonse yayambira. Ndiye fayilo ikatsika 98 peresenti n'kuduka, gawo lomwe lasowa ndi lomwelo lomwe pulogalamu imayambira kuwerenga. 7z nayo imaika mndandanda wake kumapeto. RAR imalemba mbiri ya fayilo iliyonse kutsogolo kwa fayiloyo, choncho ikaduka imathabe kukupatsani zomwe zinali koyambirira.

Chachiwiri, polongedza, pulogalamu imawerengetsa nambala yotsimikizira ya fayilo iliyonse, yotchedwa CRC, n'kuisunga mkati momwemo. Pomasula imawerengetsanso n'kufananiza. Kachidutswa kamodzi kokha kakasintha, manambala awiriwa amasemphana, ndiye pamatuluka "CRC failed" kapena "Checksum error". Kanema kapena nyimbo ikawonongeka pang'ono imangodumpha n'kupitirira, inu osazindikira. ZIP siibisa.

## Mmene fayilo imatsikira

Kudawuniloda, kapena kuti kutsitsa fayilo, n'kuikopera kuchokera pa seva, kompyuta yakutali yomwe ikusunga fayiloyo, kubwera nayo pa foni kapena laputopu yanu. Siibwera yathunthu nthawi imodzi. Imadulidwa m'tizidutswa ta mabayiti pafupifupi 1,500 kalikonse, moti fayilo ya 800 MB imakhala tizidutswa toposa 500,000.

Amene anawolokapo pa Mtayamoyo kuchokera ku Bangula ndi katundu wochuluka savutika kumvetsa. Bwato limodzi silinyamula matumba onse. Limapita n'kubwerera kangapo, ndipo wolandira tsidya linalo amawerenga thumba lililonse likafika. Lina likagwera m'madzi amakuwa kuti tumizaninso nambala yakuti. Madzi akakhala oipa bwato limayenda pang'onopang'ono, koma chimanga chomwe chafika chimakhala chomwecho chimene chinakwezedwa. Tsoka limabwera pamene mabwato asiya kuyenda matumba asanathe, makamaka poti pepala lonena za mwini thumba lililonse linaikidwa m'thumba lomaliza.

Dongosolo lowerenga ndi kutumizanso tizidutswali limatchedwa TCP, ndipo maziko ake anawalemba Vint Cerf ndi Bob Kahn mu 1974. Pamwamba pake, mawebusayiti ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito HTTPS, yomwe imatsimikiziranso chidutswa chilichonse; china chikasinthidwa panjira, kulumikizana kumadulidwa m'malo molandira chinthu cholakwika. Choncho n'zosowa kwambiri kuti netiweki isinthe za mkati mwa fayilo. Chomwe netiweki yofooka imachita n'kutalikitsa ulendo, ndipo ulendo ukatalika zodula zimachuluka.

Tiwerengetse. Liwiro la netiweki limayezedwa ndi mabiti, kukula kwa fayilo ndi mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Pa liwiro la 20 Mbps, kutanthauza mabiti 20 miliyoni pa sekondi, fayilo ya 800 MB imatsika m'mphindi 5 ndi pang'ono. Pa 2 Mbps imatenga mphindi pafupifupi 53. Foni ikagwera pa chilembo E, cha netiweki yochedwa ya 2G, liwiro n'kukhala cha m'ma 200 kbps (mabiti 200,000 pa sekondi), fayilo yomweyo imafuna pafupifupi maola 9. M'mphindi zisanu sipachitika zambiri. M'maola asanu ndi anayi magetsi atha kuzima, batire kutha, bandulo kufika nthawi yake yothera, ndipo wina akuimbirani ndithu.

## Zomwe zimadula ulendo kuno kuchigwa cha Shire

Kuimbiridwa foni kumene n'chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu saziganizira. Mafoni ambiri a ma SIM awiri amaimitsa intaneti ya SIM imodzi mukamayankhula pa inayo. Pa 2G namo, kuyankhula kumaimitsa data. Mukacheza ndi achimwene kwa mphindi khumi, seva imatopa kudikira n'kutseka kulumikizana.

Kwa okhala moyandikana ndi malire, monga ku Marka kapena m'mbali mwa Shire ku Nsanje komwe tsidya ndi Mozambique, foni yosiyidwa kuti izisankha yokha netiweki imatha kudumphira ku nsanja za tsidya. Pokatsitsa chinthu chachikulu ndi bwino kulowa m'masetin'i n'kusankha pamanja TNM kapena Airtel. Kuchoka pa Wi-Fi kupita pa data ya foni nako kumadula, chifukwa adiresi ya foni yanu pa intaneti imasintha ndipo seva imakuonani ngati mlendo.

Kenako kutentha. Apple, mwachitsanzo, imati mafoni ake azigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, kupitirira madigiri 40 si nkhani. Foni yomwe ikugawa hotspot, ili pa chaja, ili pawindo la nyumba ya malata kusaka netiweki, imatentha mpaka imayamba kudziteteza yokha: imachepetsa liwiro, imasiya kutchaja, ina imazimitsa hotspot. Mwini wake ali phee pakhonde akuganiza kuti fayilo ikutsika. Kuchotsa foni m'chikwama chake, kuiika pamthunzi, ndi kuilumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB m'malo mwa hotspot kumathandiza kuposa momwe anthu amaganizira.

Palinso zomwe chipangizo chimachita chokha. Android ili ndi njira zosungira batire zomwe zimagoneka mapulogalamu sikirini ikazima, ndipo laputopu yosakhudzidwa imagona patapita mphindi zingapo. Zonsezi zimasinthika m'masetin'i. Magetsi okha ndiwo sitingawalamule. Amene anali kuno namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 akukumbukira mmene kuzima kunatalikira, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali nsanja za netiweki nazo zimadalira mabatire ndi majenereta.

Funso lomwe limatsala ndi lakuti, nanga fayilo ikaduka, bwanji foni imanena kuti yamaliza? Kawirikawiri seva imanena koyambirira kuti fayilo ndi yaikulu bwanji, ndipo browser, monga Chrome kapena Firefox, imadziwa ikalandira yoperewera. Imalemba "Failed" kapena "Network error". Koma ma seva ena sanena kukula, makamaka omwe amamanga ZIP nthawi yomweyo imene mwadina. Mudzazindikira poona kuti pakungooneka ma MB omwe afika, popanda chiwerengero chonse kapena nthawi yotsala. Zikatero, kuduka nthawi zina kumatengedwa ngati kumaliza, fayilo n'kupatsidwa dzina lake labwinobwino ili yoperewera.

## Musanafufute, onani kukula kwake

Apa ndi pomwe pamapulumukira ndalama. Pa Windows, dinani fayilo ndi batani lakumanja, sankhani Properties, muwerenge mzere wa "Size", osati "Size on disk". Pa foni, lowani mu pulogalamu ya mafayilo musankhe Details kapena Info. Fananizani ndi zomwe webusayiti kapena wotumiza akunena.

Chenjerani ndi kasiyanidwe kamodzi komwe kamanamiza anthu. Webusayiti ikhoza kunena 800 MB, Windows n'kuonetsa 763 MB, fayilo ili yathunthu. N'chifukwa choti ena amawerenga MB imodzi ngati mabayiti 1,000,000 pomwe Windows imawerenga 1,048,576. Ndiye ngati n'kotheka fananizani chiwerengero chonse cha mabayiti, chija chachitali chokhala ndi makoma. Mufunseni wotumiza akuwerengereni chake. Zikasiyana ngakhale ndi bayiti imodzi, mafayilowo si ofanana.

Onaninso mathero a dzina. Yothera ndi .crdownload ndi ya Chrome yosamaliza, yothera ndi .part ndi ya Firefox yosamaliza. Ena amachotsa mathero amenewa kuti dzina lithere ndi .zip, poganiza kuti akonza. Sanakonze kanthu, ndipo atha kulepheretsa browser kupitiriza pomwe inalekera.

Ngati fayilo yanu ndi yocheperako, mwachitsanzo 612 MB m'malo mwa 763, inaduka. Ngati ndi yaing'ono modabwitsa, ma KB ochepa chabe, nkhani yake ndi ina.

## Pamene chomwe chatsika si ZIP n'komwe

Fayilo ya 3 KB kapena 70 KB yotchedwa mayeso.zip nthawi zambiri imakhala tsamba la webusayiti lomwe lasungidwa ndi dzina la ZIP. Munapempha fayilo, seva n'kuyankha ndi uthenga, pulogalamu yotsitsira n'kusunga uthengawo osauwerenga. Uthengawo ukhoza kukhala woti linki yatha nthawi, woti mulowe kaye ndi pasiwedi, kapena tsamba lija la Google Drive lonena kuti fayilo ndi yaikulu moti siyingayesedwe ngati ili ndi vayirasi, dinani apa kuti mupitirize. Drive imathanso kutseka fayilo kwa kanthawi anthu ambiri akaitsitsa nthawi imodzi, zomwe zimachitika linki ikaponyedwa m'gulu lalikulu la aphunzitsi.

Kutsimikiza n'kosavuta. Tsegulani kafayiloko ndi Notepad. ZIP yeniyeni imayamba ndi zilembo ziwiri, PK, zoyambira dzina la Phil Katz, kenako zinyalala zosawerengeka. RAR imayamba ndi Rar! ndipo 7z imayamba ndi 7z. Mukaona mawu owerengeka oyamba ndi html kapena DOCTYPE, mwatsitsa tsamba. Muchite izi ndi fayilo yaing'ono yokha. Notepad ikapatsidwa ya ma MB mazanamazana imangouma.

Mankhwala ake si pulogalamu yokonzera. Tsegulani linki mu browser, werengani zomwe ikunena, chitani zomwezo. Onaninso bandulo yomwe muli nayo: ya WhatsApp yokha siitsitsa fayilo ya pa Drive kapena webusayiti ina, ngakhale linkiyo mwaipeza pa WhatsApp pomwepo.

## Kukula n'kofanana koma ikukanabe

Pano m'pofunika kudekha, chifukwa zifukwa zake n'zingapo ndipo zina sizikhudza netiweki n'komwe.

Yambani ndi pulogalamu yomasulira. Mtundu wa RAR5 unabwera ndi WinRAR 5.0 mu 2013, ndipo WinRAR yakale kuposa pamenepo imanena kuti fayilo ndi yowonongeka pomwe ili yabwino. M'makompyuta a m'masukulu ndi m'maofesi ambiri mukadali mapulogalamu azaka zimenezo. Chomasulira cha mkati mwa Windows nacho chimalephera ZIP yotsekedwa ndi pasiwedi ya mtundu wa AES, pomwe 7-Zip imaitsegula bwinobwino. Ndiye pulogalamu imodzi ikakana, yesani ina musanaweruze. Pali chifukwa chinanso chosinthira WinRAR yakale: mu Ogasiti 2023 mtundu wa 6.23 unatseka mpata womwe akuba a pa intaneti ankalowetsera mavayirasi kudzera m'mafayilo a ZIP, ndipo WinRAR siidzisintha yokha.

Pasiwedi yolakwika nayo imatulutsa uthenga wofanana ndi wa kuwonongeka. WinRAR imalemba kuti "Corrupt file or wrong password", anthu n'kuwerenga theka loyamba lokha. Pokopera pasiwedi kuchokera mu uthenga, mpata umodzi wosaoneka kumapeto ndi wokwanira kuilakwitsa.

Kenako malo osungira. Pomasula pamafunika malo a ZIP ndi a zotulukamo pamodzi. Foni yodzaza imalephera pakati. Memori khadi kapena fulashi yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB, ngakhale ikhale ndi malo ambiri. Pamafunika yofomatidwa mwa mtundu wa exFAT kapena NTFS. Kuzula fulashi kukopera kusanathe kumasiyanso fayilo yooneka yathunthu koma yosalembedwa yonse.

Koma vuto lomwe limazunza anthu mwakachetechete ndi memori zabodza. Pachikuto palembedwa 64 GB, foni nayo ikuonetsa 64 GB, koma mkati muli malo ochepa kwambiri, mwina 8 GB. Masiku oyamba zonse zimayenda. Malo enieni akadzaza, memori imapitiriza kulandira mafayilo, kulemba mayina ndi kukula kwake molondola, koma za mkati zikutayika kapena kufufuta zakale. ZIP iliyonse yomwe mungaikepo idzati "CRC failed", ndipo mungatsitse kakhumi, kakhumi konse idzakana. Chizindikiro chake ndi ichi: fayilo yomweyo ikasungidwa m'kati mwa foni kapena pa laputopu imatseguka, ikapita pa memori imakana, ndipo zithunzi zina za pamemoripo zayamba kuoneka zotuwa kapena theka. Pa Windows pali pulogalamu yaulere ya H2testw yomwe imadzaza memori yonse n'kuiwerenganso, n'kukuuzani malo ake enieni. Kwa amene amagula memori zambiri zogulitsa, kuyesa imodzi asanatenge katoni yonse kumapulumutsa mbiri ya bizinesi.

Zonsezi zikakhala bwino, patsala njira yotsimikiza kotheratu ngati fayilo yanu ndi yofanana ndi ya wotumiza. Imatchedwa SHA-256: nambala ya zilembo ndi manambala 64 yomwe imawerengetsedwa kuchokera ku za mkati mwa fayilo yonse. Pa Windows tsegulani Command Prompt mulembe certutil -hashfile mayeso.zip SHA256, kapena ngati muli ndi 7-Zip dinani fayilo ndi batani lakumanja musankhe CRC SHA. Mawebusayiti ngati a Ubuntu, pulogalamu yoyendetsera kompyuta ngati Windows, amasindikiza nambala imeneyi pambali pa fayilo. Yanu ikafanana ndi ya wotumiza koma fayilo ikukanabe, ndiye kuti inawonongeka isananyamuke. Mwina nayenso inamudukira pokweza. Kuitsitsanso n'kungotaya bandulo. Ikasiyana pomwe kukula kuli kofanana, kawirikawiri ndi pulogalamu yotsitsira yomwe inasungiratu malo a fayilo yonse n'kusiya mipata yopanda kanthu, kapena inalumikiza theka la fayilo yakale ndi theka la yatsopano mwini wake atasintha fayilo pa seva muli pakati potsitsa.

## Kupitiriza m'malo moyambiranso

Kuyambira mu 1997, pomwe HTTP/1.1, dongosolo lomwe browser ndi seva zimalankhulirana, inakhazikitsidwa, pakhala njira yovomerezeka yoti chipangizo chanu chiuze seva kuti ndili kale ndi mabayiti akutiakuti, nditumizireni otsalawo. Ndi zomwe batani la Resume limachita. Mu Chrome ndi Firefox lili pa mndandanda wa Downloads, ndipo limagwira ntchito ngati fayilo yosamaliza ija mwaisiya pomwe inali ndi dzina lake.

Browser siipirira kwambiri. Pa netiweki yodukaduka, mapulogalamu otsitsira okhaokha ndiwo amalimba: Free Download Manager kapena Internet Download Manager pa kompyuta, ADM kapena 1DM pa Android. Amayesanso okha kukaduka, amakumbukira pomwe analekera ngakhale foni itazima, ndipo ambiri amakuuzani koyambirira ngati seva ikulola kupitiriza. Mzere umenewo uwerengeni musanayambe. Ukati "No", ganizirani kawiri musanayambe fayilo ya maola anayi. Mapulogalamuwa amakondanso kutsegula njira 8 kapena 16 nthawi imodzi kuti afulumire. Pa netiweki ya E kapena H (3G) yofooka zimenezo zimangochulukitsa zoduka, ndipo njira imodzi kapena ziwiri ndi zokwanira. Odziwa kulemba malamulo pa kompyuta ali ndi wget -c kapena curl -C - zomwe zimachita zomwezo.

Linki zina zimatha nthawi patapita maola ochepa, ndiye Resume imakana ngakhale seva imalola kupitiriza. Mapulogalamu otsitsira ambiri ali ndi poikapo linki yatsopano ya fayilo yomweyo osataya zomwe zafika kale. Mu Internet Download Manager pamatchedwa "Refresh download address".

Torrent, njira yotsitsira fayilo kuchokera kwa anthu ena omwe ali nayo kale, ili ndi mbiri yoipa chifukwa cha mafilimu akuba, koma kapangidwe kake, ka Bram Cohen mu 2001, n'koyenerera ndendende netiweki ngati yathu. Fayilo imagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chili ndi nambala yake yotsimikizira, ndipo cholakwika chokhacho ndicho chimatsitsidwanso. Ubuntu, LibreOffice ndi Kiwix, yomwe imapereka Wikipedia yowerenga popanda intaneti, onse amapereka mafayilo awo movomerezeka pa torrent. Ngati munatsitsa kale fayilo yotere ndi browser n'kuwonongeka, ikani m'foda ya torrent ya fayilo yomweyo, musankhe "Force recheck", idzangotenga zigawo zosowa. Kumbukirani kuti torrent imatumizanso kwa ena zomwe mwalandira, ndipo zimenezo zimadya bandulo, ikamaliza iimitseni.

Za nthawi: usiku kwambiri ndi m'bandakucha nsanja imakhala ndi anthu ochepa ndipo kunja kwazizirako, foni siitentha. Ngati mukugwiritsa bandulo ya usiku kapena ya tsiku limodzi, werengetsani kaye ngati fayilo ithe nthawi isanakwane.

## Kupulumutsa zomwe zafika

Nthawi zina simufuna zonse. Mphunzitsi wa Biology safuna mapepala a Geography omwe ali mu ZIP yomweyo. Popeza ZIP imapanikiza fayilo iliyonse payokha, ndipo iliyonse ili ndi kamutu kake koyamba ndi PK, 7-Zip kawirikawiri imatha kutsegula ZIP yoduka n'kutulutsa mafayilo omwe anafika athunthu, kwinaku ikudandaula kuti "Unexpected end of data". WinRAR ili ndi Repair, pa Alt+R, yomwe imamanganso mndandanda n'kupanga fayilo yatsopano yoyamba ndi rebuilt kapena fixed. Pomasula mulinso kabokosi ka "Keep broken files". Kakachongedwa, fayilo yoperewera siifufutidwa, ndipo kanema kapena nyimbo imatha kuseweredwa mpaka pomwe inadukira. Pulogalamu yoika m'kompyuta kapena APK yoperewera yokha musaiyese.

7z yoduka ndiyo yovuta. Mndandanda wake wapita, komanso nthawi zambiri imapanikiza mafayilo ambiri ngati chinthu chimodzi kuti achepe kwambiri, moti powonongeka pamodzi pamatenga zonse zotsatira. Ubwino wake wochepetsa kukula ndi womwewo umaipangitsa kukhala yosakhululuka.

Palibe pulogalamu yomwe ingabweze mabayiti omwe sanafike. Zija zotsatsa pa intaneti kuti lipirani tikukonzereni ZIP iliyonse zimachita zomwe 7-Zip ndi WinRAR amachita kale, ndipo zina mwa izo ndi mavayirasi.

## Gawo la wotumiza

Zambiri mwa zovutazi zimayambira kwa munthu amene ali pa Wi-Fi ya ofesi ku Blantyre kapena Lilongwe, amene kwa iye 1 GB ndi mphindi zochepa. Ngati ndi munthu woti mungayankhule naye, mupempheni zinthu zingapo.

Adule fayilo m'zigawo. Mu 7-Zip ndi WinRAR muli "Split to volumes"; akalemba 50M kapena 100M, pamatuluka mafayilo monga mayeso.7z.001, mayeso.7z.002, kapena mayeso.part1.rar, mayeso.part2.rar. Chigawo chimodzi chikaduka mumatsitsanso 50 MB yokha, osati 800. Inu muziike zonse m'foda imodzi, mutsegule choyamba, zinazo zidzatsatira zokha. Mayina asasinthe: mukatsitsa chigawo kawiri, browser imawonjezera nambala 1 kumapeto kwa dzina, ndipo pulogalamu imati chigawocho chikusowa. Fufutani choipacho, chatsopanocho muchibwezere dzina lake lenileni. Kuti mudziwe chigawo choipa, fananizani kukula kwake, popeza zonse kupatula chomaliza zimayenera kufanana ndendende. Pa RAR batani la Test limathandizanso kuloza pomwe pali vuto.

Ngati akugwiritsa WinRAR, achonge "Add recovery record". Imawonjezera pang'ono pa kukula, mwachizolowezi 3 peresenti, ndipo Repair imagwiritsa zowonjezerazo kukonzadi malo ang'onoang'ono owonongeka. Siingabweze theka la fayilo, koma pa kuwonongeka kochepa imagwira ntchito.

Adzifunsenso ngati ZIP ikufunika n'komwe. Makanema a MP4, zithunzi za JPG, nyimbo za MP3 ndi ma PDF ambiri ndi opanikizidwa kale. Kuwaika mu ZIP sikuchepetsa kanthu kooneka, kumangochititsa kuti munthu wofuna pepala limodzi atsitse mapepala onse. Foda ya pa Drive yomwe aliyense angasankhemo chake, kapena mafayilo otumizidwa imodziimodzi pa WhatsApp ngati Document, n'zopepukira wolandira. WhatsApp imalola Document yofika 2 GB kuyambira mu 2022, siisintha za mkati mwake ngati momwe imachepetsera zithunzi, ndipo imatsika ndi bandulo ya WhatsApp.

Pa sukulu kapena ofesi yomwe anthu khumi akufuna fayilo imodzi, mmodzi yekha atsitse, ayese ndi Test kapena SHA-256, kenako agawire anzake ndi fulashi yoyesedwa, chingwe, kapena Quick Share ya pa Android yomwe siidya bandulo. Ngati fayiloyo ndi ya ma GB angapo ndipo wina akukwera Thabwa kupita ku Blantyre sabata imeneyo, mupatseni fulashi ya exFAT, ndipo mumuuze kuti aitsegule kaye fayiloyo kuchokera pa fulashipo asanakwere minibasi yobwerera.